Paki ya m'bayiro mwanu yasanduka dzala? Musathamangire kubzala mitengo

Pafupifupi bayiro iliyonse ili nako kamalo kaja. Kathu kuno ku Ulónguè kali kuseri kwa kamsika, akuluakulu amati kale panali jardim ya maluwa ndi mabenchi koma ife tinangopeza mwendo umodzi wa benchi ndi mulu wa zinyalala wofika m'chiuno, mbuzi zili pamwamba kutafuna majumbo. Ndikapita kwa achemwali anga ku Moatize ndimaona zomwezo, mu mzinda wa Tete chimodzimodzi, malo oti anasiyidwa dala kuti anthu azipumapo koma pano masana ndi kudzala usiku ndi kuchimbudzi. Ife kathu tinakakonza, zatitengera mvula zitatu ndipo chaka choyamba tinalakwitsa pafupifupi chilichonse, nde ndati ndilembe momwe ntchitoyi imayendera, mwina wina sangataye mphamvu ngati momwe tinatayira ife.

Sabata yoyamba khasu lisiyeni kunyumba. Pitani mukakhale pamalopo m'mawa, masana ndi chakumadzulo, ngati munthu wosowa chochita, muzingoona basi. Anthu amadutsa pati popita kumsika? Kanjira komwe mapazi anapanga kale kasiyeni kakhale njira, munthu wasenza thumba la mbatatesi sangazungulire chifukwa choti inu mwajambula pulani yokongola pa pepala, adzaponda maluwa anuwo ndipo sadzatembenuka nkomwe. Ana amamenyera pati mpira? Pamenepo pakhale poyera. Ife tinabzala mbande pakati penipeni pa bwalo la ana, ziwiri anazisandutsa golo, zinatha sabata ziwiri zokha kkkk. Onaninso komwe madzi amathamangira mvula ikagwa, zizindikiro zimaoneka olo m'chilimwe, ndipo mufunse a neba kuti amene amataya zinyalala pamenepo ndi ndani ndipo amatayiranji pamenepo. Ngati pali amayi okazinga mandasi kapena anyamata a chipisi m'mbalimo musawathamangitse chonde, amenewo amakhalapo tsiku lonse, ndi alonda omwe simudzawalipira ndipo mthunzi amaufuna kuposa inu.

Kenako mapepala. Apa anthu amanyansidwa koma ndi pomwe ife tinapsa. Ku Mozambique kuno nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa, lamulo la nthaka la 1997 limapatsa munthu ufulu wongogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT. Nde malo kuoneka opanda mwini sizitanthauza kuti palibe yemwe ali ndi pepala lake. Ife tinatsuka ngodya ina yonse kwa masabata atatu, pataoneka bwino kunabwera bambo wina ndi zikhomo ndi chingwe nkumati pamenepo ndi pake akufuna kumangapo baraka, tinalibe chomuonetsa, ngodya imeneyo inapita. Yambani ndi a shefi a nyumba 10, akutengereni kwa a sekeretaliyo a bayiro, kenako ku munisipiyo. Tete, Moatize ndi Ulónguè kuli munisipiyo, yathuyi inayamba mu 2008, koma kumalo ngati ku Furancungo kapena ku Dómuè mupita kwa amfumu ndi ku ofesi ya boma ya dera. Funsani mafunso awiri okha: malowa analembedwa kuti ndi a chiyani, ndipo pali amene ali ndi DUAT pamenepo? Kalata yanu ikhale m'Chipwitikizi, pezani mphunzitsi akulembereni, makope awiri, imodzi aidinde chidindo mubwerere nayo. Mawu apakamwa oti "pitani mukakonze palibe vuto" amauluka tsiku lomwe wolankhulayo wasamutsidwa.

Komiti ikhale yaing'ono, anthu 5 kapena 7, mukachuluka mumangokhalira miting'i. Ndalama zizidutsa pa M-Pesa kapena e-Mola kuti pakhale umboni, ndipo msungichuma aziponya pa gulupu ya WhatsApp chilichonse chomwe chalowa ndi chomwe chatuluka olo akhale mametikali 20. Ndipo ntchitoyi isavale malaya a chipani kapena a mpingo umodzi, ikangovala theka la bayiro limasiya kubwera.

Kutsuka muchite mu Juni kapena Julayi kukuzizira, udzu utauma. Zida ndi zomwe muli nazo kale, makasu, zikwakwa, zikwanje, fosholo, reki, wilibala imodzi yobwereka. Ana asalowe pa mulu wa zinyalala, muli magalasi osweka, malezala, majakisoni, mabatire, ndipo pansi pa mulu wakale njoka ndi zinkhanira zimakhalamo, valani nsapato zotseka osati mapatapata. Siyanitsani pompo, masamba ndi zotsalira za kumsika zowola mudzenje la manyowa, zitsulo pambali chifukwa ogula zitsulo zakale amapereka kenakake, mabotolo a pulasitiki asungeni ndikuuzani ntchito yake. Majumbo ndi matayala musaotche, utsi wake ndi woipa pachifuwa ndipo mphepo imaulowetsa m'nyumba za anthu omwe mukufuna akuthandizeni mawa. Zotsalazo pemphani thirakitala kapena lole ya munisipiyo, mugwirizane tsiku musanayambe kuunjika.

Koma mvetsani izi. Anthu ankataya pamenepo chifukwa analibe kwina kotaya, si kuti ndi amisala ayi. Mukatsuka osawapezera pena, Lolemba m'mawa mupeza mulu watsopano. Ife tinagwirizana ndi a sekeretaliyo malo ena m'mbali mwa msewu pomwe thirakitala imafika, ndipo mwezi woyamba amayi a mandasi aja ndi omwe ankabweza aliyense wobwera ndi chidebe. Pomwe panali dzala lakale musabzalepo ndiwo zamasamba, dothi lake lamwa za mabatire ndi zina zosadziwika, pamenepo ndi pa mitengo ya mthunzi basi. Maenje omwe anthu anakumba poumba njerwa akwirireni, amasunga madzi a udzudzu.

Mukamalambula tsegulani maso pa zitsa. Chitsa chomwe chikuphukira ndi chuma, mizu yake inapita kale pansi kukapeza madzi, chimakula msanga kuposa mbande iliyonse yomwe mungagule ndipo sichifuna kuthirira. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zina zonse dulani ndi mpeni wakuthwa, mutchingire ngati mbande. Anzathu a ku Tete ndi Moatize komwe kumaotcha, mitengo yoyamba kukupatsani mthunzi idzakhala imeneyi. Anyamata achangu ndi zikwanje auzeni izi asanayambe, osati atatha.

Tsopano mitengo. Funso loyamba si loti tibzale mtengo wanji, ndi loti m'Okutobala madzi tidzawatenga kuti. Tiwerengetsere limodzi. Kumalo kotentha ngati ku Tete, komwe Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, mbande ya chaka choyamba imafuna chigubu cha malita 20 kawiri pa sabata. Mitengo 30 ndiye kuti malita 1,200 pa sabata, zigubu 60, sabata iliyonse kuyambira Meyi mpaka mvula itabwera. Ndani asenza zigubu 60? Kuno ku Angónia tili pamwamba, kupitirira mamita 1,000, nde kamodzi pa sabata zimatheka koma ntchito ilipobe. Ife chaka choyamba tinabzala 40 chifukwa mbande tinapatsidwa zaulere, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, pofika Novembala inatsala 9. Chaka chachiwiri tinabzala 12, inafa umodzi. Nde werengani mabanja omwe avomera kuthirira, chiwerengero chimenecho ndiye cha mitengo yanu, mbande zotsala perekani ku sukulu.

Ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake weniweni, banja lakuti mtengo wakuti, makamaka omwe nyumba zawo zayang'ana pakiyo. Mtengo wa tonse umafa ndi ludzu aliyense akuganiza kuti mnzake wathirira. Ukakhala wa a neba akutiakuti ndipo ukufota aliyense amadziwa, manyazi amathirira bwino kuposa ndandanda yomata pakhoma. Amene munali pasukulu nthawi ya pulezidenti Armando Guebuza mukukumbuka zija zoti mwana wasukulu aliyense abzale mtengo umodzi, mtsogoleri wa mudzi aliyense akhale ndi nkhalango yake, nzeru yake ndi yomweyi, mtengo uziyendera dzina la munthu.

Mtundu wa mtengo umatengera komwe muli, chigawo chathu chino cha Tete chili ngati mayiko awiri. Kumunsi m'mbali mwa Zambezi nimu ndiye mfumu, sasamala dzuwa, chiswe sichimukonda ndipo masamba amakhala nawo nthawi yayitali. Bwemba amachedwa kukula koma mthunzi wake ndi wozizira ndipo adzaudyerera ndi adzukulu. Kesha amakula msanga ndipo mbuzi sizimufuna kwenikweni. Msangu ndi mtengo wochita zosemphana ndi anzake, umayoyola masamba nthawi ya mvula nkukhala wobiriwira m'chilimwe, ndiye kuti mthunzi umabwera nthawi yomwe mukuufuna, vuto ndi minga komanso zipatso zake zimaitana mbuzi. Masau aikeni m'malire osati pomwe ana amathamanga opanda nsapato, minga yake mukuidziwa. Ngati pali mlambe kale, pulani yonse izungulire mlambewo. Ku Moatize mbali yoyang'ana msewu muike mzere wa mitengo ya masamba othithikana, imagwirako fumbi.

Kumtunda kuno, Angónia, Tsangano, Macanga, nimu amakula monyinyirika chifukwa cha kuzizira. Kuno jakaranda, mbawa, mkuyu, mapeyala, mapichesi ndi magwafa zimachita bwino. Za mitengo ya zipatso anthu amatsutsana, ena amati ana adzagenda nkuthyola nthambi, zoona adzagenda, koma ine ndaona kuti mtengo wa mango kapena peyala palibe amaudula nkhuni, nde ine ndimabzala. Bulugamu ayi, m'paki yaing'ono amamwa madzi onse, pansi pake sipamera kanthu ndipo nthambi zake zimagwa osachenjeza. Mpanda wa nkhadze nawonso ayi, utomoni wake ukalowa m'maso mwa mwana ndi nkhani ya kuchipatala. Mitengo ikuluikulu ngati mbawa ndi mkuyu italikire nyumba ndi zimbudzi mamita 10, nimu ndi kesha atalikirane mamita 6 mpaka 8, ndipo yang'anani kumwamba musanakumbe, pansi pa mawaya a magetsi a EDM mtengo wautali udzadulidwa mutu basi.

Mbande mutha kufesa nokha, yambani mu Ogasiti kapena Sepitembala kuti pofika Disembala zikhale zakula. Machubu ngati mulibe, mapepala a shuga kapena mabotolo a pulasitiki aja mutawadula pakati amagwira, bowolani pansi. Dothi lapamwamba magawo awiri, mchenga gawo limodzi, manyowa owola gawo limodzi. Njere za nimu fesani zikadali zatsopano, zikakhala masabata angapo sizimera. Za msangu ndi kesha khungu ndi lolimba, zikandeni pang'ono ndi chowengera zikhadabo kapena muziviike m'madzi otentha omwe mwawaphula kale pamoto zigone momwemo. Sabata ziwiri musanakabzale chepetsani madzi ndi mthunzi kuti zizolowere moyo wovuta.

Maenje kumbani mvula isanayambe, masentimita 60 mulifupi 60 mulitali 60 kuya, ku Tete komwe kuli miyala mufunika piki ndi mtima wautali. Dothi lapamwamba mbali ina lapansi mbali ina, pokwirira lapamwamba lija musakanize ndi ndowa imodzi ya manyowa owola bwino liyambe kulowa. Ndowe zaziwisi za mbuzi kapena zitosi za nkhuku zimaotcha mizu. Musabzale ndi chizimalupsa, mvula yoyamba ija imanamiza, dikirani nthaka inyowe mpaka pansi, nthawi zambiri chapakati pa Disembala mpaka Januwale, ndipo mubzale chakumadzulo. Chotsani chubu. Ndikubwerezanso chotsani chubu, chifukwa titafukula mitengo yathu yakufa ija tinapeza ingapo ili m'mapulasitiki ake momwe inachokera ku nazale. Mbande ilowe kufika pomwe dothi linkalekeza muchubu, tsinderani ndi phazi, pangani kabeseni kozungulira kosunga madzi, pamalo otsetsereka kakhale ngati mwezi wongooneka kumene kotsegukira kumtunda.

Pali masiku omwe anthu amakonda kubzala chifukwa cha mwambo. 21 Malichi ndi tsiku la nkhalango padziko lonse, komanso ndi tsiku la mzinda wa Tete, 5 Juni ndi tsiku la zachilengedwe. Masiku abwino olankhulira ndi kujambulitsa, koma kwathu kuno Malichi mvula ikutsazika ndipo Juni ndi chilimwe chenicheni, mbande yobzalidwa tsiku limenelo imalowa m'miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yopanda dontho mizu isanagwire. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Alendo akafuna mwambo pa 5 Juni apatseni reki atsuke, kapena amange zotchingira.

Zotchingira ndiye nkhondo yeniyeni. Mbuzi imodzi imatha ntchito ya chaka chonse nthawi yomwe inu mukumwa tiyi. Tchingani tsiku lomwelo lobzala, osati mawa. Yomwe yatipirira ife ndi ya njerwa zootcha zosanja mozungulira mosiya mipata kuti mphepo izidutsa, ndi dothi lokha popanda simenti kuti mudzaphwasule mtengo ukakula. Nsungwi kapena bango nazo zimatheka koma chiswe chimadya ndipo nyengo yozizira ena amazula kukasonkhera moto. Ku Tete nthambi za minga za masau kapena mthethe zomanga pa zikhomo zinayi zimagwira bwino ndipo palibe amaba. Kutalika kufike pachifuwa cha munthu wamkulu chifukwa mbuzi imaima ndi miyendo iwiri. Eni ziweto mukambirane nawo pamaso pa amfumu kapena a sekeretaliyo zisanachitike, kukangana mbuzi itadya kale sikubweza mtengo.

Pothirira, madzi ambiri kamodzi amaposa timadzi tochepa tsiku ndi tsiku, timadzi tochepa timapangitsa mizu kukhala pamwamba. Madzi otsukuluzira mbale kapena zovala amagwira ntchito bola asakhale a jiki. Mabotolo aja ndinati musunge, bowolani timabowo tiwiri titatu cha pansi, kwirirani pafupi ndi mbande kukamwa kuli kunja, muzidzaza ndi kutseka, madzi amapita ku mizu osauma ndi dzuwa. Phimbirani beseni ndi udzu wouma koma usakhudze tsinde, siyani mpata wa chikhatho, apo ayi mwaitanira chiswe pakhomo. Phulusa lakukhitchini mozungulira limathandizako. Ndipo udzu wautali umwetedwe pofika Meyi kapena Juni, chifukwa Ogasiti ndi Sepitembala anyamata osaka mbewa amayatsa moto, moto sufunsa kuti iyi ndi paki.

Za kapinga ndinene maganizo anga. Kuno kumtunda dulani timizu ta kapinga kudambo mubzale ndi mvula, amayala yekha. Koma ku Tete kufuna bwalo lobiriwira chaka chonse ndi kutaya madzi omwe mitengo ikulira, bwalo losesedwa bwino pansi pa mthunzi ndi lokongola kale, makolo athu ankakhala pa lotero. Pomwe madzi amakokolola ikani mizere ya udzu wa vetiva mopingasa. Ndipo amene malo anu ali kufupi ndi Revúbuè kapena mtsinje wina, mukukumbuka momwe madzi anakwerera ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 mpaka kugumula mlatho, nde mabenchi ndi chilichonse cha simenti chikhale kumtunda, kumunsi ikani udzu ndi mitengo yokonda madzi.

Pokhala musadikire kuti mitengo ikule. Paki yopanda anthu imabwerera kukhala chimbudzi, nde chaka choyamba chomwecho pezani pomwe pali kamthunzi kale muikepo benchi. Ya chitsulo imaotcha matako ndipo imatha kukathera kwa ogula zitsulo, ya matabwa ndi ya chiswe, ife tinamanga za njerwa ndi simenti, thumba limodzi ndi theka zinatuluka ziwiri. Pa imodzi mmisiri anaboola maenje a bawo simenti isanaume, sitinamutume, koma ndi chinthu chomwe chagwira ntchito kuposa zonse, madala amakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa ndipo palibe mwana angathyole nthambi agogo akuona. Katungwe wa tayala ndi wabwino koma boolani tayalalo pansi lisasunge madzi. Zitsamba zonse zofika m'chiuno dulani kuti munthu ali pamsewu aziona mbali ina ya paki, malo obisika ndi omwe amakopa zoipa ndipo amayi sangatumeko ana. Nyale ya sola ngati mwaipeza ikhale pamwamba kwambiri, pafupi ndi nyumba ya munthu.

Kusesa ife timachita Loweruka loyamba la mwezi, ola limodzi basi, zikatalika anthu amathawa. Ogulitsa m'mbali aja anavomera kusesa pamalo pawo tsiku lililonse posinthana ndi mthunzi. Kuwerenga mitengo timachita kumapeto kwa Okutobala osati tsiku lobzala, yomwe yafa timafukula kuona chomwe chaipha, chiswe, ludzu kapena chubu, kenako dzenje lomwelo limadikira Disembala. Chaka chino tikuonjezera maenje 6 mbali ya kumsika chifukwa mabanja 6 atsopano alembetsa, amene ali ndi piki abwere nayo Loweruka, yathu inathyoka mpini.